Tisanaodire pa Khomo la Mbale Wathu

Ife ndife a komiti ya zomangamanga ya mpingo wina wa kuno ku Angónia. Mkonzi wa kalata ino adatipempha kuti tifotokoze m'mene tidapezera ndalama za denga la kachisi wathu, popeza mbiri yake yafika m'mipingo ina ndipo ambiri akufunsa njira imene tidatsata. Tidavomera, koma tidapempha kuti dzina la mpingo wathu ndi maina a anthu asalembedwe. M'nkhani imeneyi muli anthu amene tidawalakwira, ndipo sitifuna kuwalakwira kachiwiri powaika poyera.

Kachisi wathu wakale adamangidwa ndi anthu amene adali atangobwera kumene kuchokera ku Malawi kothawa nkhondo, pambuyo pa pangano la mtendere limene lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Adamanga ndi zimene adali nazo, ndipo sizidali zambiri. Ana amene adabatizidwa m'menemo lero ali ndi ana awoawo, kotero kuti pa Sabata la Mgonero theka la mpingo linkamvera ulaliki lili panja, ena atatsamira mazenera. Titagwirizana zomanga kachisi wamkulu, ntchito idayamba ndi mphamvu. Milaga idagawana masiku oumba njerwa, amayi a Chigwirizano adatunga madzi, achinyamata adatema nkhuni zootchera, ndipo zopereka za masika, ndiye chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, zidagula simenti. Makoma adakwera kufikira pamwamba pa mazenera. Pamenepo ntchito idaima.

Njerwa imalira thukuta, ndipo thukuta tili nalo lambiri. Koma zitsulo za denga ndi malata zimalira ndalama yochuluka yopezeka nthawi imodzi. Zimene tinkasonkha chaka chino, pofika chaka chamawa mitengo ya zinthu idali itakwera n'kuzidya. Mvula ya zaka zitatu idagwera m'kati mwa makoma aja. Pamalo pamene padayenera kuima gome la mlaliki padamera chisoso, ndipo mbuzi za m'mudzi zidapezapo pousa. Odutsa pa msewu adayamba kuwatchula makomawo dzina lachipongwe limene sitilibwereza pano.

Tidachita zimene makomiti ambiri amachita. Mlembi wathu adalemba kalata imodzi yopempha thandizo, m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, tidakaichulukitsa pa makina ku Vila Ulongwe, abusa n'kudinda chidindo, ndipo makalata makumi anayi adapita kwa aliyense amene tidamva kuti ali ndi ndalama: eni masitolo a ku Tete, makampani akuluakulu, ndi mabungwe a kunja amene maadiresi awo tidawapeza pa intaneti. Kalatayo idali ndi mawu ofanana kwa onse, ndipo sidatchule n'komwe kuchuluka kwa ndalama imene tinkafuna. Mayankho adabwera awiri okha. Lina lidati bungwe lawo limathandiza za madzi ndi zaumoyo, silimanga nyumba zopemphereramo, ndipo zimenezi zidalembedwa poyera m'zofalitsa zawo, tikadangowerenga. Linalo lidatifunira mafuno abwino.

Amene adatitsegula maso ndi mwana wa mumpingo mwathu momwemo, mtsikana amene adakulira m'Sande Sukulu yathu ndipo amagwira ntchito yofunafuna thandizo ku bungwe lina ku Maputo. Atabwera ku tchuthi cha Khirisimasi, bambo ake, amene ndi mtumiki, adabwera naye ku msonkhano wathu. Adawerenga kalata ija, adakhala chete pang'ono, kenaka adafunsa mwaulemu: "Makolo anga, mwa anthu onse amene mudawalembera, ndi angati amene mudalowapo m'nyumba mwawo?" Palibe adayankha. Iye adapitiriza: "Nanga mnyamata akafuna mbeta, amatumiza kalata imodzi ku midzi makumi anayi? Kodi sayamba wafufuza za banjalo, n'kupeza amalume oyenera kukamulankhulira?" Tidaseka, koma kudali kuseka kwa manyazi.

Adatifotokozera kuti m'maiko monga America ndi Britain, masukulu a ukachenjede, zipatala ndi mabungwe achifundo amalemba anthu ntchito imodzi yokha, yofufuza za amene angathe kupereka mphatso yaikulu wina asanapite kukawapempha. Ntchitoyi ili ndi bungwe lake la akatswiri lotchedwa Apra, limene lidayambira ku America. Kumeneko zambiri zili poyera. Mtengo wa nyumba ya munthu umapezeka m'mabuku a boma, zopereka zazikulu za munthu kwa opikisana pa chisankho zimalembedwa, ndipo mabungwe ogawa thandizo amakakamizidwa ndi lamulo kuonetsa chaka ndi chaka amene adawapatsa ndalama ndi kuchuluka kwake. Wofufuzayo amasonkhanitsa zonsezi kuti ayankhe mafunso atatu, amene mphunzitsi wina wa ntchitoyi, Henry Rosso, yemwe adatsegula sukulu yake ku California mu 1974, ankawatsindika kwambiri. Kodi pali chingwe chotani pakati pa munthuyu ndi ife, ndipo ndani mwa ife angalowe m'nyumba mwake osaoneka mlendo? Kodi ali nako kuthekera kopereka, ndipo kufikira pati? Kodi mtima wake uli pa chiyani? Mtsikanayo adati mafunso atatuwa ali ngati mafuwa, limodzi likasowa mphika sukhazikika. Makalata athu onse adaima pa fuwa limodzi, lija lakuti tidamva kuti ali ndi ndalama.

Adatiphunzitsanso kuwerengera mwa njira imene idatidabwitsa. Ife tinkagawa mtengo wa denga ndi chiwerengero cha akhristu, n'kunena kuti aliyense apereke mwakutimwakuti. Iye adati ntchito zazikulu sizitha motero, chifukwa muyeso umodzi umalemetsa wosauka ndi kupeputsa wolemera. Adatchula lamulo lakale la ntchitoyi, lochokera kwa Harold Seymour amene adatulutsa buku lake mu 1966: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yonse limachokera ku mphatso khumi zazikulu, gawo lachiwiri ku mphatso 100 zotsatira, ndipo lachitatu kwa anthu ena onse pamodzi. Mphatso yoyamba iyenera kufika gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kupitirira. Tiyerekeze kuti denga likulira mametikali 1,000,000. Pafunika munthu mmodzi wopereka 100,000 kapena kuposa, ndipo popeza si onse opemphedwa amene amavomera, pa mphatso iliyonse yaikulu pafunika maina atatu kapena anayi. Msungichuma wathu, amene akadasungabe mabuku a ndalama zakale zija zisanachotsedwe maziro atatu mu 2006, adang'ung'udza kuti m'masiku amenewo ngakhale ana ankaponya zikwi m'mbale, koma denga silinkaoneka.

Apa ndi pamene mkangano udabuka, ndipo tifuna kukhalitsapo, chifukwa ukadalipobe pakati pathu. Mkulu wa mpingo wokalamba kuposa tonse, amene makolo ake ankayenda wapansi kuwoloka malire kupita ku mipingo ya ku Nyasaland kukalandira Mgonero boma la Apwitikizi litatseka mishoni ya ku Mphatso mu 1922, adaimirira n'kunena kuti iye sadzakhala nawo pa msonkhano wowerenga matumba a anthu. Adatikumbutsa chaputala 2 cha kalata ya Yakobo, pamene mpingo ukudzudzulidwa chifukwa chopatsa malo abwino munthu wa mphete yagolide ndi kukhazika wosauka pansi. Adatikumbutsa za mkazi wamasiye wa pa Marko 12, amene tindalama take tiwiri tidaposa zopereka za olemera pamaso pa Ambuye. "Abusa," adatero, "makolo athu adasunga mpingo uno zaka zambirimbiri wopanda mbusa, wopanda kachisi, wopanda wolemera ngakhale mmodzi. Lero tikufuna kusankha nkhosa za Ambuye monga amasankhira magiredi a fodya?"

Abusa sadawayankhe tsiku lomwelo. Pa msonkhano wotsatira tidawerenga pamodzi Nehemiya 1 ndi 2. Tidaona kuti kuchokera pamene Nehemiya adamva za malinga akugwa a Yerusalemu m'mwezi wa Kisilevi kufikira pamene adalankhula ndi mfumu Aritasasta m'mwezi wa Nisani padapita pafupifupi miyezi inayi. Adapemphera ndi kusala kudya, komanso adakonzeka, pakuti mfumu itamufunsa chimene ankafuna, yankho lidali pakamwa: nthawi imene adzakhale paulendo, makalata opita kwa akazembe a tsidya la mtsinje, ndi kalata kwa Asafu wosunga nkhalango ya mfumu kuti ampatse mitengo. Adadziwa amene adali ndi mitengo, adadziwa ndi dzina lake lomwe. Tidawerenganso 1 Mbiri 29, pamene Davide ayamba kupereka iye mwini, kenaka akuluakulu, ndipo anthu akondwera poona zimenezo. Ndi 2 Akorinto 8 ndi 9, pamene Paulo atumiza Tito ndi abale ena patsogolo kuti akakonzeretu chopereka, ndipo asamala kuti ndalamazo ziyende ndi munthu wosankhidwa ndi mipingo kuti pasapezeke wonena zoipa. Mkulu uja adamvetsera zonse, kenaka adati: "Nehemiya adafufuza mfumu yachikunja. Inu mukufuna kufufuza abale anu amene mumadya nawo Mgonero." Kunena zoona, mawu amenewo sitidawayankhe mokwanira kufikira lero. Adavomera kukhalabe m'komiti, akuti kuti azitilondera.

Tidagula kope la ana asukulu, ndipo tidakhala pansi m'nyumba ya abusa madzulo anayi. Tsamba lililonse tidalidula mizere itatu monga mwa mafunso atatu aja. Ife tilibe mabuku a boma otiuza chuma cha munthu, koma tili ndi zimene mudzi umadziwa, ndipo mudzi umadziwa zambiri, zoona ndi zabodza zomwe. Tidatsegula mabuku a ubatizo ndi a kalasi, n'kumawerenga dzina limodzilimodzi, achikulire akutiuza kuti uyu ali ku Beira, uyu ali ku migodi ya malasha ku Moatize, uyu ndi namwino ku Lilongwe, uyu adapita ku Johannesburg ndipo amatumiza ndalama kwa amayi ake mwezi ndi mwezi. Tidadabwa kuona kuchuluka kwa ana a mpingo uno amene ali kutali, ndipo mwa makalata athu onse aja palibe imodzi idapita kwa iwo. Tidalembera alendo a kutsidya kwa nyanja n'kudumpha ana athu.

Dzina loyamba pa tsamba loyamba lidali la bambo wina wa mumpingo mwathu amene ali ndi magalimoto akuluakulu onyamula katundu pa msewu wa ku Tete. Pa iwo sitidataye nthawi. Tonse tinkawaona magalimotowo, tinkaona nyumba ya malata ofiira ndi mpanda wa njerwa, ndipo mzere wa kuthekera tidaudzaza ndi nambala yaikulu koposa. Mzere wachitatu tidausiya wopanda kanthu, poganiza kuti mkhristu aliyense mtima wake uli pa kachisi. Choipa koposa n'chakuti mmodzi wa ife adalephera kusunga pakamwa. Tisanapite n'komwe kukaonana nawo, mbiri idali itawanda pa msika kuti denga agula ndi iwowo. Pa Sabata anthu adayamba kuwagwira chanza ndi manja awiri powathokoza.

Titapita atatu kunyumba kwawo adatilandira bwino, mayi a kunyumba adatiphikira tiyi, koma titatchula nambala ija bambowo adakhala nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Kenaka adatiuza zimene sadauzepo munthu. Magalimoto awiri adali a ngongole ya ku banki, imodzi idali itagwa ndi katundu wa eni ake, ndipo miyezi imeneyo ankagona ndi mantha akuti nyumba ija ilandidwa. "Akuluakulu anga," adatero, "mukadabwera kudzandifunsa m'mene ndilili, ndikadakuuzani. Koma mwabwera mutandiyeza kale." Chikomekome cha mkuyu chidapusitsa ife, koma amene adalumidwa ndi nyerere ndi iwo. Miyezi isanu sadaponde ku kachisi, pothawa maso a anthu amene adawathokoza pa mphatso imene sadathe kupereka. Mkulu wokalamba uja sadanene kuti ndidakuuzani. Adangonyamula ndodo yake n'kumapita kukacheza nawo Lachitatu lililonse, osatchula za denga.

Zitachitika izi tidamuimbira foni mtsikana uja. Adatiuza kuti ngozi imeneyi ndi yodziwika, ndi kuti ofufuza odziwa ntchito amasiyanitsa zimene munthu akuoneka nazo ndi zimene angathe kutulutsa, pakuti ngongole siyioneka pa mpanda. Adatiuzanso kuti ngakhale kwa eni ake ntchitoyi idabweretsapo milandu. Ku Britain, mu Disembala 2016, ofesi yoteteza zinsinsi za anthu idalipiritsa chindapusa mabungwe awiri otchuka achifundo, ndipo mu Epulo 2017 idalipiritsa ena 11. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti ena mwa mabungwewo ankapereka maina a owathandiza ku makampani oyeza chuma cha anthu, eni mainawo osadziwa. Ngati lamulo la dziko limaona kuti kuyeza munthu mseri kungathe kukhala mlandu, nanga mpingo wa Khristu?

Tidang'amba masamba ena n'kuwatentha. Tidagwirizana kuti m'kope musalembedwe chilichonse chimene tingachite nacho manyazi mwini dzina atachiwerenga. Zimene abusa adamva pa uphungu kapena zimene zidakambidwa pa bwalo la akulu a mpingo zisalowemo konse, nkhani za matenda ndi za mabanja zikhale kunja, ndipo kopelo lizionedwa ndi anthu atatu okha. Ulendo woyamba kwa munthu aliyense ukhale wokamvetsera, wosatchula ndalama. Tidagwirizananso kuti ife a komiti tiyambe kupereka tisanatuluke pakhomo, aliyense kufikira pomuwawa, pakuti n'kovuta kupempha mbuzi kwa mnzako iwe utabisa nkhuku yako.

Pambuyo pa zimenezi ndi pamene tidafika kwa mayi wina wamasiye amene dzina lawo silidali m'kope konse. Amakhala kumbuyo pakati pa amayi anzawo, chitenje chawo n'chofanana ndi cha ena onse, ndipo amayenda wapansi. Amene adatitchulira dzina lawo ndi mtsogoleri wa Chigwirizano, amene pa madzulo anayi aja sitidamuitane. Tidakhala amuna okhaokha, ndipo tidalemba amuna okhaokha. Iye adatiuza kuti mayiwo akhala akugula kachewere kwa alimi ndi kukagulitsa ku msika wa pa malire ku Lizulu kwa zaka zoposa makumi awiri, kuti ali ndi chigayo chimene ambiri amaganiza kuti n'cha mlongo wawo, ndi kuti pa maliro alionse a mumpingo thumba la ufa limene limafika m'mamawa popanda dzina limachokera kwa iwo. Apa tidagwira chimene mtsikana uja adanenapo ife osachisamala, kuti chizindikiro chodalirika cha munthu amene angapereke kwambiri ndi chizolowezi chake chopereka kale, ndipo kukula kwa nyumba kumabwera pambuyo. Tidakumbukanso kuti pa Luka 8 amene ankasamalira Ambuye ndi ophunzira ake ndi chuma chawo akutchulidwa maina, ndipo ndi akazi, Mariya wa Magadala, Yohana ndi Susana.

Kwa mayiwa adapita mtsogoleri wa Chigwirizano ndi amayi busa, osati ife. Adapitako kawiri osatchula ndalama. Ulendo wachitatu mayiwo adayamba okha: "Amayi busa, makoma aja ndimawaona tsiku ndi tsiku. Ndakhala ndikudikira kuti mwina wina adzandifunsa, koma ndimangomva kuti makalata apita ku Tete." Adalonjeza zitsulo zonse za denga, kupereka kawiri, pa kachewere wa dzinja ndi pa wa kudimba, ndipo adaika lamulo limodzi lokha, lakuti dzina lawo lisatchulidwe pa gome kapena kulembedwa pa khoma. Talisunga lamulolo, ndipo tasintha dala zina ndi zina m'zimene talemba pano kuti pasapezeke wowaloza.

Wina amene tidamupeza kudzera m'buku la mpingo ndi mwana wa mlaliki wakale wa mudzi uno, amene adachoka ali mnyamata ndipo ali pa ntchito yabwino ku South Africa. Chingwe chidalipo, pakuti msuweni wake ali m'komiti mwathu ndipo adawetera limodzi ng'ombe. Kuthekera kudaliponso. Koma atalankhulana pa foni maulendo angapo, msuweniyo adabwera n'kutiuza kuti za denga sizimukhudza kwenikweni munthuyu. Nkhani imene ankabwerezabwereza ndi yakuti adaphunzira kuwerenga pansi pa mtengo, bambo ake akulemba zilembo pa dothi ndi chala, buku lokhalo limene adali nalo lili Buku Lopatulika. Ena mwa ife adafuna kumuumiriza za malata, popeza ndiwo tinkasowa. Tidakangana, kenaka tidamuonetsa pulani yonse, pamodzi ndi zipinda ziwiri za Sande Sukulu ndi za akuluakulu ophunzira kuwerenga, zimene tidaziika kumapeto kwenikweni kwa ntchito. Adasankha zimenezo, napereka koposa zimene tikadalimba mtima kupempha. Denga silidalandire ngakhale metikali imodzi ya iye, ndipo kuyesedwa kudali kwakukulu kuti tibwereke ndalamazo kwa kanthawi, monga timanenera. Msungichuma adakana, ndipo adachita bwino. N'chifukwa chake zipindazo zidafoleredwa kachisi asanafoleredwe, chinthu chimene alendo ankadabwa nacho.

Si onse adavomera. Wina adati tibwere chaka chamawa, wina sadayankhenso foni, ndipo wina wa ndale adafuna kupereka malata onse malinga adzawapereke yekha pa Sabata pamaso pa mpingo, nyengo ya chisankho ili pafupi. Kufufuza kumathandizanso pamenepa, kudziwa dzanja limene simuyenera kulandirako. Bwalo la akulu a mpingo lidamuthokoza ndi kukana, ngakhale kuti ena a ife sitidagone usiku umenewo poganiza za malatawo.

Malonjezo akuluakulu atapitirira theka la mtengo wa denga, ndi pamene abusa adalengeza ku mpingo wonse. Adanena kuchuluka kwa zimene zidalonjezedwa, osatchula dzina la munthu. Tidaona chinthu chimene zaka zitatu sitidachione. Anthu amene adali atatopa kuponya ndalama m'dzenje losadzaza adayambanso kupereka, chifukwa tsopano mapeto ankaoneka. Milaga idapikisana. Agogo ena adabweretsa nkhuku, achinyamata adagwira ganyu m'minda ya fodya n'kupereka malipiro onse, ndipo ana a Sande Sukulu adagula misomali. Malata ambiri amene ali pamwamba pathu lero adagulidwa ndi zopereka zazing'ono zimenezi, ndipo mkulu wokalamba uja sadalephere kutikumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala mutu wa munthu wolemera.

Chimodzi chimene poyamba tidachiyesa chopanda pake ndi kubwerera kwa munthu ndalama itaperekedwa kale. Mtsikana uja adatilangiza kuti wopereka aliyense aziuzidwa m'mene mphatso yake yagwirira ntchito asanafunse. Kotero malisiti onse a zitsulo adapita kwa mayi aja m'manja mwa amayi busa, zithunzi za zipinda zidapita ku South Africa pa WhatsApp mlungu ndi mlungu, ndipo msungichuma ankawerenga ndalama zolowa ndi zotuluka pamaso pa mpingo pa Sabata loyamba la mwezi, kufikira ena adayamba kudandaula kuti zolengeza zikutalika kuposa ulaliki. Tidaloleza dandaulo limenelo, pokumbukira madandaulo ena oipa kwambiri amene agawanitsa mipingo chifukwa cha ndalama zosawerengedwa.

Mipingo ina yatifunsa kuti, kodi ifenso tichite monga inu? Sitingayankhe ndi mawu amodzi. Tikadapanda kufufuza, makoma aja bwenzi akadali chiimire. Koma taonanso chimene kope lija lidachita ndi maso athu. Pa Sabata, poyang'ana mpingo kuchokera pa mipando ya akulu, ena a ife tidadzipeza tikuona mizere itatu pamutu pa munthu aliyense. Mlendo akalowa atavala bwino, maganizo ankathamangira ku funso lakuti amagwira kuti. Chizolowezi chimenechi chimalowa msanga, ndipo sichituluka tsiku limene mmisiri wakhoma msomali womaliza. Mmodzi wa ife adaulula pa pemphero kuti adayamba kupereka moni wautali kwa amene adali m'kope. Chifukwa chake tidapangana kuti aliyense wa ife ayendere mabanja asanu amene sadalembedwe ndipo mwina sadzalembedwa m'kope lililonse, ndi mtima womwewo wa ulendo womvetsera. Kumeneko ndiko tidamva kuti okalamba a mlaga wa kutsidya kwa mtsinje safika ku kachisi miyezi itatu ya mvula, nkhani imene komiti yathu sidaifunse pamene inkasankha malo omangapo.

Kwa bambo a magalimoto aja tidapita tonse a komiti kukapepesa, abusa ali patsogolo, ndipo amene adaulula chinsinsi adalankhula yekha. Adatikhululukira, ndipo adabwerera ku kachisi, koma adatiuza kuti m'komiti iliyonse ya ndalama asaikidwemo. Nthawi yokatenga zitsulo ndi malata ku Tete itafika, tili mkati mokambirana za mtengo wa galimoto, foni ya mlembi idalira. Adali iwo. Adati galimoto yawo imodzi ichoka ku Tete yopanda katundu Lachinayi, ndipo ngati tingapeze achinyamata asanu ndi mmodzi okweza, tiwatumize m'mamawa. Za mafuta adakana kuti tizitchule. Kope lija lili m'bokosi la abusa, lomangidwa ndi chingwe. Nyumba ya abusa yayamba kudontha, ndipo ena akufuna kuti kopelo litsegulidwenso; mkulu wokalamba wapempha kuti litenthedwe. Nkhaniyi yaikidwa pa msonkhano wa bwalo wa mwezi wamawa, ndipo tikupempha kuti mutikumbukire m'mapemphero anu.